Mafuta Amene Msewu Unawakana

Lachiwiri ndinali pa Chia, pa chiwaya cha mlamu wanga Asiyatu, kudikira kuti chambo changa chipse. Kunatulukira mtsikana wina, chigubu m'manja. Anati ndi injiniya wa misewu, ndipo akufuna mafuta ophikira otha ntchito.

Akuti m'kafukufuku wawo akumathira mafuta otere m'phula losakaniza ndi mphira, kuti lisamaume gwa n'kuyamba kung'aluka. Ine ndinakondwa, poti maenje a mumsewu uno andipweteka msana mokwanira.

Koma nkhope ya mlamu inagwa. Makasitomala anali atatchera khutu.

"Otha ntchito? Pano? Wallahi achemwali, mwandinyoza. Mafuta anga sanathepo ntchito chiyambire."

Ndipotu sananame. Kodi inu munaonapo mafuta atapuma pa ntchito kwathu kuno? Amayamba ndi tchipisi. Akada, amasamukira ku nsomba. Akachita thovu, timadonthezamo atsopano pang'ono n'kunena kuti tasintha. Nsenga zapansi ndiye timapaka tcheni cha njinga, komabe mtima ukuwawa.

Mtsikanayo anapepesa, n'kupempha kuti angowaona. Mlamu anavomera monyinyirika. Kupereka ngakhale kapu imodzi kukanakhala kuvomera pagulu kuti amatidyetsa zotaya, ndipo pa Chia mbiri yako ikaipa m'mawa, pofika masana nsomba zako umadya wekha.

Injiniya uja anatunga ndi chipande. Mafutawo anatsika mwaulesi ngati phala lozizira, akuda bii. Mtsikanayo anawanunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mayi, awa apsa mopitirira. Angatiwonongere phula. Sitingawaike mumsewu."

Ndinayang'ana chambo changa chikusambira momwemo. Msewu, chinthu chopondedwa ndi malole tsiku ndi tsiku, uli ndi munthu wousankhira zakudya, koma mimba yangayi ilibe? Ndinachita mantha, kansanjenso kanandigwira. Mlamu ndinamumvera chisoni, ndinati bizinesi yathera pompa.

Ha! Simumudziwa Asiyatu inu. Anamulanda mtsikanayo chipande, n'kuchikweza m'mwamba, akufuula mpaka dalaivala wa minibasi ina yodutsa anaponda buleki.

"Mwadzimvera nokha, abale anga! Wophunzira wanena ndi pakamwa pake! Mafuta anga si a mumsewu ayi, ndi a anthu!"

Anthu anaomba m'manja, ena n'kutsika m'minibasi muja kudzaima pamzere. Injiniya anayesa kufotokoza, koma wina anamuuza kuti ngati sakugula apatuke.

Nanga ine, amene ndinamva zonsezi ndi makutu angawa, mukuganiza ndinatani? Ndinangopempha kuti andionjezere tsabola.