Masangweji a Lachinayi kwa a Halo

Dzina loti a Halo analipeza ku ntchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankakhala m'kachipinda kopanda zenera pa kampani ina yogulitsa zitsulo zomangira nyumba, kulandira mafoni n'kumawalumikiza ku maofesi. Anzawo ambiri a pantchitopo ankadziwa mawu awo okha. Akakumana nawo pa geti ankangowadutsa.

Nthawi ya nkhomaliro sankatuluka, poti foni inkalira nthawi iliyonse. Ankadyera momwemo masangweji opanga okha kunyumba. Tsiku lina a Sekilitale, amene ankataipa makalata m'chipinda choyandikana, analowa kudzabwereka cholembera n'kulawa kachidutswa. Mawa lake anabwera ndi a Nesi a ku kiliniki ya pakampanipo. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo, anthu atatu pa mipando iwiri.

Kampani itagula makina oyankha okha mafoni, a Halo anapatsidwa wotchi yapakhoma n'kuuzidwa kuti akapume. Chaka chotsatira amuna awo anamwalira. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali atakwatira kale ku tauni ina yakutali. Nyumba inangoti zii. Ndiye anzawo awiri aja, nawonso atapuma pa ntchito, anagwirizana zoti Lachinayi lililonse masana azibwera.

Sangweji ya a Halo sinali yopanga mwachisawawa. Buledi ankagula wa dzulo, ati wa lero amafinyika mpeni ukamadutsa. Mazira akawiritsa ankawaponya m'madzi ozizira, kenako n'kuwaphwanya ndi foloko, kuthiramo mayonezi pang'ono, anyezi wodula tizidutswa ting'onoting'ono ndi katsabola. Tomato ankamuwaza mchere n'kumusiya kaye pa mbale kuti adonthe madzi. Batala ankapaka mpaka m'mphepete mwenimweni. Nyengo ya mapeyala ankafinyiramo ndimu kuti asade. Akamaliza ankaphimba mbale yonse ndi kansalu konyowa, n'kukasamba.

"Ine kwathu ndimayesa, amwali," ankadandaula a Sekilitale chakudya chili m'kamwa, "koma zimatuluka ngati siponji yotsukira mbale."

"Ndi zala zanuzo," ankatero a Nesi. "Buledi mumamumenya ngati mukutaipa."

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri.

Lachinayi lina a Nesi analuma sangweji n'kuima kutafuna. M'mazira munali shuga. Onse atatu anaseka mpaka misozi, a Halo n'kumanamizira mabotolo ofanana a mchere ndi shuga. Patapita mwezi, masangweji awiri anapezeka opanda kanthu m'kati, buledi ndi batala basi, mazira ali phee m'filiji. Apa anasekanso, koma a Nesi sanaseke kwambiri.

Kenako linafika tsiku limene a Halo anakonza zonse, anayala nsalu pa tebulo, n'kudikira mpaka tiyi anazizira mu fulasiki. Itakwana fili koloko anaimbira a Nesi mtima uli m'mwamba.

"Ngati mwatopa nane mungonena, asisi. Chakudya chikuuma pano."



"Amwali," anatero a Nesi mofatsa, "lerotu ndi Lolemba."

A Nesi ndiwo anawaperekeza ku chipatala. Adokotala anawauza mawu atatu oti awasunge: mpando, njinga, lalanje. Anawafunsa za mwezi ndi chaka, za dzina la mwana wawo, kenako anati abwereze mawu aja. A Halo anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga. Anakumbukira njinga yokha. Manyazi anawagwira, poti kale manambala a foni oposa mazana awiri ankawasunga m'mutu osalemba paliponse. Adokotala sanabise. Anati mankhwala alipo ochedwetsako, koma ochiza palibe, ndipo kuiwalako kuzingokulirakulira.

Atafika kunyumba a Halo anatenga pepala n'kulemba ndondomeko yonse, kuyambira kuwiritsa mazira mpaka kansalu konyowa, n'kulimata pa chitseko cha kabati. Kwa miyezi ingapo pepalalo linawathandiza. A Sekilitale ankaimba Lachitatu madzulo kuwakumbutsa kuti ndi mawa. Anzawo ankayamikira chilichonse chimene apatsidwa, ngakhale mchere utapitirira, ndipo a Halo ankaona kuti akungowasangalatsa. Zimenezi zinkawapweteka koposa.

M'mawa wina anaika mazira pa chitofu n'kutuluka kukayanika zovala kuseri. Kumeneko anayamba kuzula udzu m'maluwa. Madzi anaphwa, poto anapserera, nsalu yopukutira mbale imene inali pafupi inagwira moto. Aneba ndiwo anaona utsi pa zenera n'kuthamangira ndi ndowa. Khoma la kukhitchini linada mpaka kudenga, pepala lija linapsa theka. Aneba omwewo anaimbira mwana wa a Halo.

Mwanayo anafika Loweruka, n'kuima nthawi yaitali kuyang'ana khomalo.

"Amayi, simungakhalenso nokha. Tipitira limodzi."

"Nanga Lachinayi, mwana wanga?"

"Kwathu kulinso Lachinayi, amayi."

Mpongozi wawo anali munthu wabwino. Anawakonzera chipinda choyang'ana kumsewu, ankawapesa tsitsi, sankawakalipira akafunsa chinthu chimodzi kanayi. Koma mipeni yonse inkakhala m'kabati yokiya, ndipo khitchini ankaitseka akamapita ku ntchito. A Halo ankagwira chitsekocho, kuchikankha, n'kubwerera kukakhala pa bedi. Masana ankapatsidwa chakudya chopakulapakula ndi mayi wantchito.

Patapita miyezi isanu a Nesi ndi a Sekilitale anabwera, ulendo wa maola anayi pa basi. A Halo atamva kuti kukubwera alendo anachonderera kuti awakonzere okha chakudya. Mpongozi analola. Anadula yekha buledi ndi tomato, anawiritsa mazira n'kuwasenda, kenako anawapatsa sipuni yoti apakire batala.

A Halo anaima patsogolo pa tebulo. Zinthu zonse ankazidziwa, uyu buledi, awa mazira, koma choyambira sichinkabwera. Anatola dzira, analibweza. Anasanjikiza zidutswa zinayi za buledi pamodzi, anaziphwasulanso.  Alendo analowa akali chiimire, sipuni ili m'manja.

A Nesi anaika chikwama pansi, anasamba m'manja, n'kuima pambali pawo.

"Inu pakani batala, amwali, ine ndiziika mazira."

Anadya pa khonde. A Sekilitale anafotokoza za anthu a ku kampani kuja, amene amwalira ndi amene akudwala, anaseketsanso anthu ndi nkhani ya kondakitala wa m'basi. A Halo ankaseka ena akaseka. Nkhope ziwirizi zinkawakomera m'maso, koma maina sankabwera, ndiye onse ankangowaitana kuti asisi. Itakwana thu koloko alendo ananyamuka kuti asasiyidwe ndi basi. Pa geti a Sekilitale anayang'ana kumbali n'kumapukuta m'maso.

"Tidzabweranso, amwali," anatero a Nesi.

Geti litatsekedwa, a Halo anatsatira mpongozi wawo kukhitchini.

"Azimayi aja ndi anthu abwino. Koma tawapatsa chakudya?"

"Adya, amayi. Mwawakonzera ndinu."

A Halo sanakhulupirire. Anakhala pa bedi madzulo onse akudandaula kuti anthu abwera kuchokera kutali n'kubwerera ndi njala.

Anzawo aja sanabwerenso. A Nesi miyendo inayamba kuwavuta moti basi sakanakweranso, ndipo a Sekilitale anasamukira kwa mwana wawo wamkazi. Poyamba ankaimba foni, koma a Halo ankangomvetsera osayankha, mpaka mafoniwo anachepa n'kusiya. A Halo anakhala m'chipinda choyang'ana kumsewu chija zaka zina zinayi. Chaka chomaliza mpongozi wawo ankachita kuwadyetsa.