Ankhoswe Anadikira Magazi Anga

Magazi amene anagwira ukwati wanga pakhosi anawatenga mu Febuluwale, titangoyamba kuthyola fodya wa m'munsi. Ndimakumbuka chifukwa namwino atanditambasula mkono anayang'ana zala zanga zakuda bii ndi utomoni wa fodya, n'kundifunsa ngati kwathu kulibe sopo. Ndinamuuza kuti sopo alipo, koma utomoni wa fodya sumva sopo, ndipo ngati akukayika abwere adzathyoleko mzere umodzi. Iye anaseka, ine ayi. Ndinali nditanyamuka m'mamawa ku Chisemphere kumene ndinakwatiwa, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Kasungu, ina mpaka ku Lilongwe, osadya kanthu. Zoseka ndinalibe.

Matenda anga ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono uja. Inandipeza chaka chachiwiri cha ukwati, tisanaone mwana. Kapamba anatupa mpaka chitenje chinasiya kukwana bwino, ndipo apongozi anga aakazi anasangalala, anayamba kale kundiletsa mazira poyesa kuti ndaima. Kuchipatala chachikulu ndi kumene anatiuza kuti m'mimbamo mulibe mwana. Anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse ndikadya, ndipo pasanapite miyezi yambiri kapamba anaphwa, thupi linabwerera, ndinayambanso kusenza mitolo ya fodya ngati wina aliyense. Koma mapiritsiwo anabwera ndi malamulo awiri. Osadumphitsa. Ndipo osatenga pakati, chifukwa amaononga mwana m'mimba. Motero ndinayamba kubayitsa jakisoni wolera, ine amene ndinali ndisanabereke n'komwe.

Magazi amawayeza pawiri. Kuyeza kwina n'kwa tsiku lomwelo: umapereka m'mawa, masana akuuza, ndipo kumeneko zanga zinali zitakhala bwino kalekale. Kwinako ndi kumene kumandisowetsa mtendere. Amafufuza kuti matendawo atsala ochuluka bwanji m'magazi ooneka abwinowo, ndipo magaziwo amawatumiza kutali. Zotsatira zimabwera ngati nambala. Adokotala anga, mayi wachitsikana wa magalasi, anandifotokozera kangapo ndisanamvetse. Anati nambalayo ikamatsika ndiye kuti zikuyenda. Ifike poyamba ndi ziro, kenako kadontho, ndipo kuseri kwa kadonthoko maziro azichuluka. Nditawauza kuti ine masamu a timadontho ndinawasiya ku Fomu 2, anandifunsa ngati ndimadziwa kapinga. Ndinati kapinga ndimamudziwa kuposa iwo. Anati ndiye basi, m'munda mwanga pamwamba payera, koma mizu ikadali pansi, ndipo mapiritsi ndi khasu loyenera kugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mizu ikachepa kwambiri, n'kukhala choncho kwa zaka, mwina tingadzakambe zosiya mankhwala kuti ndiyese mwana. Liwu lakuti mwinalo analibwereza, ndipo ndinalimva.

Kumudzi zimenezi sizinkamveka. Anthu kwathu amadziwa kuyezetsa malungo ndi kachilombo: uli nako kapena ulibe, basi. Ndiye munthu wonenepa ngati ine, wopalira mizere yake n'kuthandizanso ya ena, azinena kuti akudwala? Apongozi ankanena poyera kuti amayi akumwa ma ARV akubereka tsiku ndi tsiku, nanga mapiritsi a mkamwana wawo ndi otani, ochokera kumwamba? Akapsa mtima ankatembenukira ku Chitumbuka, poganiza kuti ine wa ku Santhe sindimva. Ndimamva zonse. Ndinabwera pachitengwa, kwawo kwa amuna anga, ng'ombe zinapita kwathu, ndipo amuna angawo ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha m'banja mwawo. Munda wonse uja wa bambo awo ukudikira mwana wochokera kwa iwo.

Mu Januwale, ndisanapite kukapereka magazi aja, apongozi anaitanitsa ankhoswe. Wakuchimuna anali mng'ono wa malemu apongozi anga aamuna. Wakwathu anali amalume, amene anabwera kuchokera ku Santhe atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawatengera kuseri kwa chigafa, mmene timayanikamo fodya, n'kuwafotokozera zonse, za nambala, za kadontho, za kapinga. Ankangogwedeza mutu kuti amva, amva, ndisadandaule. Ndinawakhulupirira, kupusa kwanga.

Pabwalo la ankhoswe eni banja salankhula. Umakhala pamphasa miyendo yotambasula, maso pansi, nkhoswe yako ndiyo pakamwa pako. Akuchimuna anayala nkhani yawo, kuti zaka zikupita, khomo lili zii, ndipo mtengwa akuoneka kuti anachira koma akukakamira mankhwala otseka mimba. Amalume anatsokomola, n'kuyamba kunditeteza ndi mtima wawo wonse. Anati tisafulumire, mwanayu akupita kukayezetsa mwezi wamawa, tidikire zotsatira. Zikabwera zabwino ndiye kuti wachira, asiye mankhwala, akupatseni mwana. Zikabwera zoipa, pamenepo akuchimuna angakambe zopeza mkazi wina, ife sitidzaletsa. Onse anaomba m'manja kuti amalume alankhula mwanzeru.

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali nane m'chipinda cha adokotala tsiku loyamba lija, anamva ndi makutu awo kuti zotsatira zabwino sizitanthauza kuchira. Ankangojambula pansi ndi kamtengo. Mpaka lero sindinawakhululukire kamtengo kameneko.

Ndiye kudikira kunayamba. Kuchipatala anati zotsatira zikafika adzandiimbira, kapena ndidzazipeza ndikadzabwera kudzatenga mankhwala. Foni yanga ndi kaja ka mabatani. Ndinkaimanga pa mfundo ya chitenje, n'kumaimasula kawirikawiri kuona ngati yazima. Kudimba kwathu, kumunsi kudambo, netiweki sifika, ndiye ndinasiya kupitako, mpiru wanga wonse unapita ku maluwa. Ndinkakhala m'chigafa kusoka fodya, masamba awiriawiri pa chingwe, kupachika pa mikangala, fungo likundizunguza mutu. Foni ikalira ndinkaimasula mwachangu, n'kupeza kuti ndi uthenga wa mabandulo. Ndinatukwana foni imeneyo mawu amene mayi wa mvano sayenera kuwadziwa.

Choipa kwambiri chinali chakuti sindinkadziwa choti ndipemphere. Zoipa zikabwera, ndiye kuti matenda akukula, ndiponso mkazi wina alowa. Zabwino zikabwera, andilanda mapiritsi. Lamulungu m'tchalitchi amayi ankandipempherera kuti zotsatira zibwere zabwino, ine n'kumangoti ameni ndi pakamwa. Potuluka aliyense ankandigwira dzanja n'kufunsa ngati zabwera. Wogulitsa tomato pamsika ankafunsa. Ngakhale wakabaza ankafunsa, munthu woti sitinadyerepo limodzi. Magazi anga anasanduka nkhani ya mudzi wonse, ngati mtengo wa feteleza.

Ndinafuna kupita kwathu ku Santhe kuti ndikapumeko sabata imodzi. Amalume anatumiza uthenga kuti ndisayerekeze, chifukwa mkazi akachoka pakhomo nkhani ili m'manja mwa ankhoswe amati wathawa ukwati. Motero ndinakhala. Kudimba ayi, kwathu ayi. Dziko langa linali nyumba, chigafa ndi chulu cha kuseri kumene foni imagwira bwino. Derali n'lathyathyathya, ukaima pachulupo umaona kutali mpaka kumapiri, minda ya fodya yokhayokha, koma ine kopita ndinalibe.

Mu Epulo ndinapita kukatenga mankhwala. Zotsatira zinali zisanabwere. Namwino anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuyankha kuti nkhonoyo ilibe apongozi. Nditabwerera popanda zotsatira, apongozi anauza anthu kuti ndabisa, zabwera koma sindikufuna kunena. Masiku amenewo tinali pa ntchito yosankha fodya, ine ndi amuna anga titakhala moyang'anana, kupatula masamba ofiira, otuwa, ong'ambika. Tinkalankhula za fodya basi. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete pabwalo paja. Anati pamaso pa akuluakulu mwana satsutsa nkhoswe. Ndinawafunsa ngati mwanayo ndi yemweyu wa ndevu. Anadzuka n'kupita kukaona jeke yodindira mabelo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Sindikufuna muganize kuti ndi munthu woipa. Nthawi imene sindinkatha kuyenda ndi iwo ankandinyamula panjinga mpaka pamsewu, n'kumagona pakhonde la chipatala. Ankandikumbutsa mapiritsi ndikaiwala. Ndimawakonda, ndinene zoona, ndipo zimenezo n'zimene zimandikwiyitsa kwambiri.

Foni inalira mu Juni, mabelo atapita kale ku okushoni. Anangoti zafika, ndibwere. Adokotala anatembenuza kompyuta kuti ndione, nkhope yawo ikuwala. Nambala inali itatsika kwambiri, ziro kutsogolo, kadontho, kenako kanambala kakang'ono. Anati n'zimene ankayembekezera, mankhwala akugwira bwino, ndipo ndisaope, ndikhoza kukalamba nawo matendawa. Ndinasangalala, inde, misozi inatuluka, chifukwa imfa ndinkaiopa ngakhale sindinkauza munthu. Kenako ndinafunsa funso limene yankho lake ndinkalidziwa kale.

“Ndiye ndingasiye?”

“Ayi, mayi. Zatsika chifukwa mukumwa. Mukasiya panopa zikweranso. Tikufuna zitsike kuposa apa, zikhale pomwepo kwa zaka. Ena amafikapo, ena safikapo.”

M'minibasi ndinaganiza zonama. Ndinayesa bodza lakuti zabwera zoipa, ndinaona kumene likupita. Ndinayesa lakuti sizinabwerebe, ndinaona kuti lingondigulira miyezi yochepa ya mafunso omwewo. Ndinaganizanso zosiya mapiritsi mwakachetechete, ndibereke, zinazo Mulungu adziwe. Ganizo limeneli linandiperekeza kuchokera ku Mponela mpaka ku Kasungu. Koma ndinakumbukira mmene ndinalili poyamba paja, wosatha kukweza ndowa, ndipo ndinadzifunsa kuti mwana ameneyo adzamulera ndani.

Ankhoswe anakumananso Loweruka lotsatira. Amalume nditangowauza kuti nambala yatsika sanadikire kuti ndimalize. Pabwalo anaimirira monyadira n'kulengeza kuti zotsatira zabwera zabwino, mwana wawo wachira. Apongozi analulutira, anabwera n'kundigwira mapewa, koyamba chiyambireni matendawa. Nkhoswe ya kuchimuna inati ndiye mwa pangano lija mankhwala atha lero, jakisoni wathanso.

Ndinalankhula. Sindinapemphe chilolezo, sindinadzere mwa amalume.

“Pepani akuluakulu, sindinachire. Zili bwino chifukwa ndikumwa. Mankhwalawa sindisiya.”

Amalume anandiyang'ana ngati ndawavula jekete pagulu. Nkhoswe ya kuchimuna inati pangano ndi pangano, ndipo kwawo mtengwa salankhula pabwalo. Ndinati panganolo analipanga anthu amene sanalowepo m'chipinda cha adokotala, kupatula mmodzi, ndipo mmodziyo alipo pano, anene ngati ndikunama. Maso onse anapita kwa amuna anga. Ulendo uno analankhula. Anati sindikunama, adokotala ananenadi choncho kuyambira pachiyambi. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu ali pansi.

“Anati zaka zingati, mayi?”

“Sakudziwa, bambo. Mwinanso sizidzatheka.”

Apongozi anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo iwo sangadikire mdzukulu wa mwina. Palibe anawatsutsa. Ankhoswe anagwirizana kuti ine sindikuchotsedwa, ndikhala m'nyumba yanga, ndizimwa mankhwala anga, ulendo wa ku Lilongwe uzipitirira monga kale. Koma khomo silingakhale lopanda mwana, ndiye amuna anga atenge mkazi wachiwiri. Amuna anga anadziwa kuti kumpingo awadula, kwaya imene ankaikonda aisiya, ndipo anavomera.

Amalume anandiuza kuti ndikafuna tipitire limodzi ku Santhe. Ndikatani kumeneko? Amayi anamwalira, munda anagawana achemwali anga, ndipo munthu wa matenda anga safuna kukhala mlendo pakhomo pa mlamu. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinabwerera.

Mu Ogasiti amuna anga anayamba kuumba njerwa kuseri kwa nkhokwe. Sanandiuze kuti ndi za chiyani, inenso sindinafunse. Madzi oumbira ndinkatunga ndine, chifukwa pakhomopo mkazi ndinali ndekha, ndipo mphamvu zinalipo, mankhwala akugwira bwino. Njerwa zitapsa anakhoma zikhomo n'kumanga chingwe poyeza maziko, pafupi kwambiri ndi nyumba yanga moti nkhuku ingadutse pakati osatambasula mapiko. Madzulo ena ndikutula ndowa anandiitana, chingwe chili m'manja, osandiyang'ana kumaso.

“Mayi, chitseko chiyang'ane kuti?”

Ndinawauza kuti chiyang'ane kumunda, ndisamachione akamachitseka.