Foda ya nyimbo za kwaya

Chaka chimene ndinalowa ntchito pa bungwe lina ku City Centre, anandikankhira ntchito imene aliyense ankaizemba, yolongosola mafayilo a mu seva, kompyuta yaikulu imene ofesi yonse inkasungamo zinthu. Inali itadzaza moti ukafuna kusunga kalata imodzi, unkayamba wakadandaulira mnzako kuti adiliteko kanthu. Ine ndinkaona ngati ndangotumidwa kusesa. Sindinkadziwa kuti ndikuika pachiswe ntchito ya sekilitale wa bwana wamkulu, mayi amene anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume, ndipo chimene ankafuna n'kupumira pa desiki yawo yomweyo ya pakhomo pa bwana, imene anayamba kukhalapo ine ndisanamalize sukulu.

Zimene ndinapeza mu seva imeneyo zimandipsetsabe mtima ndikazikumbuka. Lipoti limodzi lomwelo linali ndi mayina awa: "lipoti", "lipoti latsopano", "latsopano lenileni", "lomaliza", "lomaliza gwiritsani ili", ndi lina longoti "ili ayi". Munali zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa dalaiva, mapulogalamu a maliro a anthu amene panalibenso wowakumbukira, ndi filimu yathunthu imene mwini wake sanapezeke ngakhale ndinafunsa pa mitingi. Mkulu wina wa mapulojekiti anali ndi foda yotchedwa "Zanga". Mkati mwake munali "Zanga zakale", mkati mwa iyo munalinso "Zanga" ina, ndipo nditatsika mpaka pansi ndinapeza chithunzi chimodzi cha nkhuku zake zamazira.

Imelo ndiye musachite kunena. Wina akalengeza kuti madzi asiya kutuluka kuchimbudzi, ofesi yonse inkayankha kuti zikomo, aliyense kutumizira aliyense, ndipo mazikomo onsewo ankasungidwa ngati ziphaso za malo.

Ndinayenda desiki ndi desiki kufunsa zoti ndichotse. Aliyense ankavomera kuti seva yadzaza, aliyense ankadziwa amene waidzazitsa, ndipo aliyense ankamaliza ndi mawu amodzi omwewo akuti zake zokha ndisakhudze. Pofika sabata yachitatu mawu oti "musakhudze" ndinkawamva ngati udzudzu m'khutu. Ndinadziikira lamulo langa: mafayilo awiri akafanana dzina, yotsala ndi imene inasungidwa pomaliza, inayo ipite, ndipo sindifunsanso munthu.

Bwana wamkulu anali bambo wa ku mpoto, mkulu wa mpingo, wa masuti osita bwino, wokhala ku Area 3 m'nyumba yakale ya mitengo italiitali. Kompyuta sankaikhudza. Imelo ikabwera, sekilitale ankawasindikizira papepala, iwo n'kuyankha kuseri kwake ndi cholembera chofiira. Mayiwo ankatayipa, n'kupereka pepala kuti bwana awerenge, akagwedeza mutu n'kuikapo siginecha ya bwanayo yojambula kale, kalata n'kupita. Ife a mkati tinkawadziwa bwana kuti ndi a mtima wapachala. Koma anthu akunja, eni magalaja, a m'maofesi a boma, onse ankatiuza kuti tili ndi mwayi, bwana wathu ndi munthu wofatsa. Ndinkangoti mwina kunja amavala nkhope ina.

Nditafika pa mafoda a sekilitale ndinawapeza akumwa tiyi.

"Amayi, lero ndafika pa zanu."

"Chitani zonse, mwana wanga," anatero. "Koma pali foda ya nyimbo za kwaya. Imeneyo muisiye."

"Amayi, seva si ya tchalitchi. Ndikuikirani pa fulashi, muzikaimba kunyumba."

"Mafulashi amasowa. Ndi kakang'ono, sikakudyerani malo. Ingokasiyani pomwe kali."

Ndinati chabwino, pakamwa pokha. Mumtima ndinali nditawaika kale gulu limodzi ndi a nkhuku zamazira aja.

Lachisanu anthu ataweruka masana, ndinatsala ndekha n'kuitsegula foda ija. Munalibe nyimbo ngakhale imodzi. Munali makalata ambirimbiri a bwana, a mitu yomweyo ndi masiku omwewo ngati amene anali mu foda yeniyeni ya makalata. Ndinakwiya. Ndinati ngakhale mayi a ukhondo chonchi nawonso amasunga chinthu kawiri, ndiye n'kuchibisa pansi pa dzina la kwaya. Sindinawerenge kalata ngakhale imodzi kupitirira mutu wake. Ndinangoona kuti a ku kwayawo onse anasungidwa pambuyo pa anzawo ndi mphindi zingapo, ndiye lamulo langa linagwira ntchito. Ndinawasamutsira mu foda ya makalata, akale aja ndinadilita, ndinakhuthulanso bini ya mu kompyutamo kuti wina asadzawaukitse. Ndinakwera minibasi tsiku limenelo ndikudzimva kuti ndine munthu.

Lolemba pa mitingi ya m'mawa ndinaonetsa ntchito yanga pa khoma ndi pulojekita. Mafoda anali ochepa, a mayina omveka, chilichonse pamalo pake. Ndikufotokoza choncho, sekilitale analowa ndi tiyi wa bwana. Anayang'ana pakhoma, anaika kapu pa tebulo mosamala, n'kukhala pa mpando wa kukona.

Bwana anasangalala. Aka kanali koyamba kuti aone makalata awo onse pamalo amodzi.

"Mwagwira ntchito," anandiuza. "Tatsegulani ija ndinalembera mwini nyumba ino mwezi watha pa nkhani ya jenereta. Achinyamatawa aone mmene timalembera munthu wosamva."

Anatembenukira anzanga n'kuwauza okha zimene analemba, zoti mwini nyumbayo achite manyazi, ndipo kuti akapanda kukonza tisamuka asanapukute m'maso. Ndinatsegula. Kalata ya pakhomayo inkathokoza mwini nyumba chifukwa cha ubale wa zaka zambiri, inkati tikumvetsa kuti zipangizo zikuvuta kupeza, ndipo inkapempha kuti atiuze tsiku limene amakaniko angabwere.

"Si imeneyi," anatero bwana.

Munthu wanzeru akanati netiweki yavuta. Ine ndinali nditatha masabata atatu ndikulimbana ndi anthu ondiuza kuti fayilo si imeneyi, ndiye ndinayankha mwamphamvu.

"Ndi imeneyi bwana, siginecha yanu iyi. Makalatawa analipo awiri. Yakale ndadilita, iyi ndi imene inapita. Inali mu foda ya amayi ya kwaya."

Anandiuza kuti nditsegule ina, ya kwa mwini galaja. Inali yaulemu ngati ya kwa apongozi. Anatchulanso ina, chenjezo lomaliza limene ankakhulupirira kuti anapereka kwa ofisala wina wochedwetsa malipoti. Imeneyo inkayamba ndi kufunsa za mkazi wake amene anali m'chipatala, kenako n'kupempha lipoti pofika Lachisanu. Ofisalayo anali pa tebulo pomwepo, maso ali pa nsapato zake.

Bwana anavula magalasi n'kutembenukira sekilitale.

"Mayi, munayamba liti zimenezi?"

"Chaka chimene munabwera, bwana."

"Makalata onse?"

"Ayi bwana. A chipepeso mumalemba bwino. Amenewo sindinkawakhudza."

Sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinatiopsa. Anatseka mitingi tiyi asanamwe. Lachitatu kunatuluka memo yoti mayi aja asamukire ku Old Town, kumene bungwe linkachita lendi kachipinda kosungiramo mafayilo akale a mapepala, kuseri kwa shopu ya zitsulo.

Chimene chinandimaliza n'choti theka la ofesi linkadziwa. Pa nkhomaliro mayi wa ku akaunti anandiyang'ana ngati ndaswa mbale za eni ake.

"Asisi, inu simumadziwa zoona? Mumayesa ma dona otipatsa ndalama aja akhala nafe zaka zonsezi chifukwa cha cholembera chofiira chija?"

"Nanga bwanji simunandiuze? Ndinafika pa desiki yanu kawiri."

"Zinazi sitinena, asisi. Munthu umangoona wekha."

Ndikanaona chiyani? Anthu omwewa ankandiimitsa mphindi makumi awiri kundifotokozera chifukwa chake zithunzi za chinkhoswe sizingachoke, koma chinthu chimodzi chimene chinali chofunika mu seva yonseyo anachikhalira chete. Ndinawakwiyira onse. Ndinawakwiyiranso sekilitale aja posankha dzina lopusitsa, ndi bwana amene sanadabwepo n'kamodzi komwe kuti bwanji anthu amene amawatukwana amawayankha mothokoza. Koma ndikakwiya n'kuzungulira ofesi yonse, mkwiyowo unkabwerera kwa ine, munthu wodilita makalata osawawerenga.

Ndinalimba mtima n'kulowa kwa bwana kukawapepesera mayiwo. Ndinati vuto ndi langa.

"Inu mwachita zimene ndinakutumani," anatero osandiyang'ana. "Mukudziwa kuti pa tchalitchi munthu wina anaimirira n'kundiyamika chifukwa cha kalata imene ndinamulembera? Ndinavomera, ndinati zikomo. Lero sindikudziwa kuti ankayamika ndani."

Ndinatuluka. Kuyambira tsiku limenelo mapepala a inki yofiira anayamba kubwera pa desiki yanga, ndipo bwana ankaima kumbuyo kwanga mpaka kalata itapita.

Patatha sabata ndinatenga khushoni ya mayi aja ndi kapu yawo, zimene anaiwala, n'kukwera minibasi ya ku Old Town. Ndinawapeza atavala chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, akumanga mafayilo ndi chingwe, fumbi lili m'tsitsi. Ndinayamba kupepesa koma sanandilole kufika patali.

"Ndamva kuti mukutayipa ndinu tsopano. Mverani. Akakupatsani kalata asanadye, muzichedwa nayo, munene kuti pulinta yagwira pepala. Amadwala shuga bambo aja. Akadya amabweza okha mawu ena."

"Amayi, bwanji simunangondiuza?"

"Ndikanakuuzani, bwenzi tili awiri kuno," anatero, n'kundipatsa mpando umene unali ndi miyendo yonse.

Ndinkayembekeza kuti bwana akhazika mtima pansi n'kuwaitanitsa. Miyezi inapita. Mwini galaja anasiya kutipatsa galimoto yobwereka zathu zikamakonzedwa, makalata ena sankayankhidwa n'komwe, koma dzina la mayiwo bwana sanalitchulenso. Desiki ya pakhomo ija anaikapo pulinta.

Mwezi wawo wopuma utakwana, bwana anandipatsa pepala la kalata yotsanzikana nawo, n'kutuluka kupita ku msonkhano. Aka kanali koyamba kundisiya ndekha ndi kalata. Inali ya mizere iwiri. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinalemba yanga. Ndinatchula zaka zimene anatumikira, kuleza mtima kwawo, ndinati ofesi idzawasowa. Ndinaikapo siginecha ya bwana n'kutumiza.

Sipanathe ola, foni yanga inalira. Anali mayi aja.

"Mwana wanga, ndalandira. Mwayesetsa, ndipo mwalemba bwino." Kenako anapitiriza. "Koma bambo aja ndawatayipira zaka zonsezi, sanalembepo kuti adzasowa munthu. Nditumizireni imene alemba iwo."

"Amayi, siyabwino."

"Ndikudziwa. Nditumizirenibe. Ndikufuna ndipite ndi yawo."

Ndinaitayipa mmene inalili, osasintha ngakhale liwu limodzi. Mzere woyamba unkati bungwe lalandira chidziwitso cha kupuma kwawo. Wachiwiri unkawakumbutsa kusiya makiyi a kachipinda kaja kwa mlonda.