Mtengo wa Mandimu Wofunda Ziguduli

Ntchito yanga yoyamba ku Joni anandipezera ndi mai Nyirenda. Iwo anabadwira ku Zimbabwe, koma makolo awo anali a ku Mzimba, ndipo tinkapemphera tchalitchi chimodzi ku Dukathole, kumene ndinkagona m'chisakasa cha malata cha msuweni wanga. Mai Nyirenda ankachapa ndi kusita panyumba ina ku Alberton. Lamulungu lina anandikokera pambali n'kundiuza kuti mzungu woyandikana ndi abwana awo akufuna munthu wosamala pabwalo. "Pali kachipinda kuseri, mara madala ake ngolongolola," anatero. Ine kumva za kachipinda kokhala ndi chitseko changachanga, za kulongololazo sindinazimvenso.

Madalawo dzina lawo linali a Jenaro, Mtaliyana. Anabwera kuno ali mnyamata, nawotcherera zitsulo ku mafakitale a ku Alrode mpaka kupuma. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo wamkazi ankakhala ku Benoni. Tinkamvana m'Chingelezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chifanakalo cha kumigodi, pena ndi manja basi. Tsiku loyamba anandionetsa zida zonse zili pamisomali yake: fosholo, reki, sizasi yodulira nthambi, keni yothirira, ndi mpeni waung'ono wopinda umene anati ndisaukhudze. Lolemba ndinkatchetcha kapinga, Lachitatu kupalira tomato ndi mabilinganya, Lachisanu kutembenuza manyowa kudzenje. Chida chilichonse ndinkachitsuka ndi kuchipaka mafuta ndisanachibwezere pamalo pake.

Pakona pa mpanda panali mtengo wa mandimu. Madala ankati kanthambi kake anachoka nako kwawo atakabaya m'mbatata kuti kasaume, ndipo kanachokera pamtengo umene mayi awo anabzala. Atafika kuno anakamezanitsa patsinde la ndimu wamba. Anandigwira chala n'kuchiika pamfundo yotupa, cha m'bondo kuchokera pansi. "Kumunsi kuno ndi Joni," anatero. "Kumtundaku ndi amayi anga."

Mwezi wa Meyi uli pakati tinaufunditsa mtengowo. Tinazika mapolo anayi mozungulira, tinakulunga tsinde ndi ziguduli, kenaka tinakuta nthambi zonse ndi nsalu yoyera yopyapyala n'kumanga ndi chingwe. Ine ndinkangoseka chamumtima. Kwathu ndi ku Ngabu, kumene dzuwa limawotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe. Mandimu kwathu amamera okha kuseri kwa bafa, ana n'kumagendera mbalame. Ndiye ine, mwana wa mlimi, ndizifunditsa mtengo ngati wodwala malungo?

Kumayambiriro kwa Juni mwana wawo uja anawatenga madala kukaona kwawo, chigawo cha Salerno m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kumene anali asanapondeko zaka zambirimbiri. Ulendo unali wa masabata asanu ndi awiri. Pochoka anandiuza kuti m'mawa dzuwa likakwera ndizitsegula nsaluyo mbali imodzi, ikakwana folo koloko ndizitseka. Ananena kawiri, ine n'kuvomera kawiri.

Nyumba inatsala zii. Ndinatsala ndi galu wokalamba amene sankauwa n'komwe. M'misewu ya kumeneko anthu sayenda pansi, umangomva geti ikutseguka yokha, galimoto n'kulowa. Panapita masiku ena osatsegula pakamwa kupatula podya. Ndinkasowa ngakhale phokoso la ku Dukathole limene ndinkadana nalo, mawailesi atatu kulira nthawi imodzi ndi anthu kukangana pampopi. Kusungulumwa kumene ndinakuona miyezi imeneyo sindinakuonenso, ndipo sindikufunira munthu.

Chimene chinkandisangalatsa ndi zithunzi zimene mwana wawo ankanditumizira pafoni. Ndinaona mapiri otsetsereka mpaka kugwera m'nyanja, nyumba zitakanirira m'matanthwe, ndi minda ya mandimu yomangidwa ndi miyala ngati masitepe. Ndinaona akachisi akalekale opanda denga, nsanamira zokhazokha zili chilili pakati pa udzu, madala ataima pansi pake akuoneka kakang'ono. Tsiku lina anatumiza kanema wa asodzi atanyamula fano la woyera mtima wa m'mudzi mwawo, akutsika nalo kudoko, malipenga akulira kumbuyo, n'kulikweza m'boti. Kanemayo ndinamuonera mpaka batire kutha. Koma chimene ndinaona kwambiri ndi ichi: mandimu onse a kumeneko anali pamtetete, akuwala padzuwa, popanda ngakhale umodzi wofunda. Sindinaganize kuti kumeneko n'chilimwe pamene kuno n'chisanu.

Masabata awiri ndinatsegula ndi kutseka monga anandiuzira. Masana kunkatentha bwinobwino moti ndinkagwira ntchito nditavula juzi. Masamba a m'kati mwa nsalu ndinawaona ngati akufwifwa, akangaude atamangamo. Ndinati mtengowu ukubanika. Ndinamasula zonse, ndinachapa ziguduli ndi nsalu, n'kuzipinda bwino m'shedi. Mumtima ndinkati madala akadzabwera adzaupeza uli bii, adzadziwe kuti analemba mlimi weniweni. Masiku asanu anadutsa popanda kanthu, ine n'kumayenda monyada.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatsegula chitseko n'kupeza kapinga yense atayera ngati wina wamwaza ufa. Madzi a m'mbale ya galu anali ataundana. Paipi yothirira inauma gwa, nditaipinda inathyoka. Ndinathamangira pakona paja. Masamba anali olimba, onyezimira, ndipo ndinadzinamiza kuti apulumuka. Dzuwa litawomba anayamba kuda ndi kulendewera, pofika teni koloko mtengo wonse unkaoneka ngati nkhwani wofutsa.

Mai Nyirenda anasuzumira pampanda atanyamula dengu la zochapa. "Eish, achimwene, mwatani? Mwauvula? Mtengo umenewu ngakhale malemu madamu sankathyolako okha!" Ndinkaganiza za kachipinda kanga, ndi za kubwerera kwa msuweni wanga chimanjamanja.

Masana omwewo foni inalira. Anali madala okha, osati mwana wawo, ndipo mawu awo anali otsika. Anati apita kunyumba kumene anabadwira. Anapeza ndi malo ogona alendo, ndipo pamene panali munda wa mayi awo anathirapo simenti poimika magalimoto. Mtsikana wa pakhomopo anawalankhula m'Chingelezi, kuwafunsa ngati akufuna chipinda. "Palibe wondidziwa, Dalitso," anatero. "Mtengo wa amayi uja anadula. Watsala ndi wathuwo basi. Ukuufunditsa?"

Bodza linali pamlomo penipeni. Anali kutali, ndipo masabata anayi anali akadalipo. Koma munthu anali atangondiuza kumene kuti kwawo kwamukana, ndipo ine ndinkadziwa mmene zimawawira kukhala pamalo popanda wokudziwa dzina. Ndinawauza zonse, ndi za kuchapa ziguduli zomwe. Kenaka anati, "Usadule kanthu. Ngakhale nthambi ioneke yakufa, usadule. Funditsa, uchepetse madzi." Anatseka osatsanzika.

Ndinafunditsanso mtengo wopserera uja, ndipo tsiku lililonse ndinkatsegula ndi kutseka nthawi yake, ngakhale masamba ankangoyoyoka. Zithunzi zinasiya kubwera. Chikwama changa ndinachilongedza n'kuchiika pansi pa bedi, chifukwa ndinkadziwa kuti ntchito yatha, kwangotsala kuuzidwa.

Madala anabwera kumapeto kwa Julayi ataonda. Asanalowe m'nyumba anapita pakona paja, nakanda khungwa ndi chikhadabo kuyambira kunsonga kutsika nalo. Kunsonga kunali kouma. Pafupi ndi mfundo paja panaoneka kubiriwira pang'ono. Sanandikalipire, ndipo kulongolola kuja kunatheratu. Zimenezi zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Tinkagwira ntchito moyandikana tsiku lonse osalankhulana, ngati anthu a pamaliro.

Mu Seputembala ndinaona timphukira titatu patsinde. Ndinathamanga kukawaitana ndikupuma mwabefu. Anawerama, anayang'ana, n'kutibudula tonse titatu ndi chala. Tinali titaphuka kumunsi kwa mfundo. Anati timeneto tikasiyidwa timadya mphamvu yonse, mtengo n'kusanduka ndimu wamba. Ndinamva ngati abudula ine. Tinadikiranso masabata ena awiri, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekhadi, chifukwa m'mawa wina kamphukira kamodzi kofiirira kanatuluka zala zinayi pamwamba pa mfundo. Madala anatembenuza ndowa n'kukhalapo, nakhala pomwepo mpaka tiyi wawo kuzizira.

Kamphukirako kanakula chaka chonse mpaka kukhwima. Tsiku lina madala anabwera ndi timitengo titatu ta ndimu wamba m'machubu toti timezanitsepo, natsitsa mpeni wopinda uja pamsomali. Anandionetsa kang'ambidwe ka khungwa, kasendedwe ka diso la nthambi, ndi kamangidwe kake ndi pulasitiki kuti madzi asalowe. Anagwira nthambi ya kamphukira kaja kuti asende diso. Anayesa kawiri, kenaka ananditambasulira mpeniwo. "Dula ndiwe," anatero. "Ukudziwa kale mtengo umenewu ukafa mmene zimakhalira."

Pa titatu tija tiwiri tinagwira. Lero ndimasamala mabwalo anayi, ndipo paliponse ndikapeza chinthu chomangidwa, chokutidwa kapena chotchingidwa, ngakhale chioneke chopusa bwanji, sindimasula mwini wake asanandiuze chimene anachimangira. Safunsa anadya phula, koma phula limene ndinadya ine linali la munthu wina, amene analibe kwina kokatenga linzake.