Madzi Anatipeza Pachilumba Kumwamba Kulibe Mtambo

Nkhaniyi sindinachite kumva kwa anthu ayi, inandichitikira ine ndemwe zaka zambiri zapitazo. Maina sinditchula, koma kwathu ku Vubwi alipo ambiri amene anaona ndi maso awo.

Kumunsi kwa mudzi wathu kuli mtsinje wochokera kumapiri a kumalire, ndipo pena pake umagawikana pawiri n'kusiya kachilumba pakati. Si kakakulu, munthu ukaima mbali ino n'kukuwa wa mbali inayo amamva, koma nyengo yake ndi ina. Mu Seputembala ndi Okutobala, kumudzi kukamatentha mpaka nkhuku kuyasama kukamwa, pachilumbapo m'mawa pamagwa mame, dothi limakhala lachinyontho, ndipo kamphepo kamayenda m'bango tsiku lonse. Ndani angasiye malo otero osalimapo? Ine ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, tinali ndi dimba pamenepo, la tomato, mpiru ndi chimanga. Alamuwo anali ndi mwendo wovuta, ankayenda ndi ndodo, koma pa khasu ankandiposa. Miyezi imeneyo mtsinje umakhala mchenga wokhawokha, timadzi tolekeza m'kakolo, moti tinkawoloka osakwinya n'komwe chitenje.

Tsikulo linali la kumapeto kwa Okutobala, chizimalupsa chisanagwe n'komwe. Tinapita m'mamawa kukathirira, ndipo pofika masana dzuwa linali likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Kutali kumapiri kokha n'kumene kunali kodera pang'ono, koma nanga mitambo ya mwezi umenewo timaiwerengera ngati? Imasonkhana, kugunda kawiri, n'kumwazika.

Choyamba chinali mphepo. Inabwera yozizira kuchokera kumtunda, ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo alamu anaweramuka n'kundifunsa ngati ndikumva kununkhira kwa mvula. Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti njala yawayamba. Nditapita kukatunga ndinapeza madzi asanduka ofiira, akuyandamitsa thovu, timitengo ndi zitsononkho. Kenako ndinamva mkokomo, ngati malole akutsatana pamsewu waukulu wa ku Katete, pamene kwathuko msewu wotero kulibe.

Alamu anazindikira msanga kuposa ine. Anakuwa kuti nditaye ndowa, madzi akubwera.

Apa ndiye pali mbali imene kwa zaka zambiri ndinkaidumpha pofotokoza. Ndinathawa ndekha. Ndinali kale m'mphepete, tsidya likuoneka pafupi, ana anga awiri ali kunyumba, ndipo ndinalowa m'madzi osacheuka. Ndinayenda mapazi mwina asanu ndi limodzi, madzi anafika m'mawondo, kenako m'ntchafu, mchenga ukuthawa pansi pa mapazi anga, ndipo chipika cha mtengo chinadutsa patsogolo panga chikuzungulira. Ndinabwerera. Anthu kumudzi anadzanditamanda kuti ndinabwerera chifukwa cha alamu, koma zoona zake n'zakuti mtsinje ndi umene unandibweza.

Ndinawapeza akukwawira kumkuyu umene uli pakati pa chilumbacho, ndodo itawagwa. Sananene kanthu za kuthawa kwanga, anangondiuza kuti ndiwerame. Anaponda pamsana panga n'kugwira nthambi, ine ndikukankha mwendo wodwalawo, iwo akubuula, ndipo atakhazikika anandikoka ndi dzanja limodzi. Mphamvu zimenezo anazitenga kuti, mpaka lero sindidziwa.

Tili m'mwambamo tinaona dimba lathu likumira. Mizere ya tomato inayamba kusowa, chimanga chinagwada n'kutsala ngayaye zokha, ndipo posakhalitsa chilumba chonse chinali mtsinje, kupatula mtengo wathuwo umene unkanjenjemera chinthu chikaugunda. Inadutsa mbuzi yakufa, chinadutsa chitseko cha nyumba ya munthu. Chimene chinkandisokoneza mutu kwambiri n'chakuti dzuwa linali likuwalabe, likutiwotcha m'khosi, ndipo dontho la mvula silinagwe ngakhale limodzi. Munthu ungafe ndi madzi thukuta likukutsika?

Kenako alamu anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti ndisagwedezeke. Njoka yobiriwira, yaitali ngati mkono wanga ndi theka, inali ikukwera thunthu lomwelo. Inadutsa pafupi ndi phazi langa, ndinaona lilime lake, n'kukadzikulunga panthambi ya pamwamba pathu. Ndinafuna kukuwa koma alamu anati nayonso yathawa zomwe tathawa ife, ilibe nafe mlandu. Anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi, ndipo tinakhala choncho atatu, aliyense atagwira nthambi yake.

Amayi ena amene ankachapa kumunsi ndi amene anationa n'kuthamangira kumudzi kukanena. Anthu anadzaza tsidya, amuna anga akuthamanga uku ndi uku, koma palibe akanalowa. Dzuwa litapendeka madzi anayamba kutsika, mofulumira ngati mmene anabwerera, ndipo azibambo a m'mudzi analumikiza zingwe za ngolo, amuna anga n'kudzimanga m'chiuno. Atafika pansi pa mtengo ndinawauza kuti ayambe atenga alongo awo. Chimenecho chokha ndi chimene ndinachita bwino tsiku limenelo.

Kumudzi kunamveka zambiri. Ena ankati ndi napolo wadutsa, ena ankati alipo amene ankalifuna dimbalo ndipo anatitumizira madzi, mpaka anayamba kuloza nyumba ya bambo wina wosalakwa. Patapita masiku, anthu ochokera kutsidya kwa malire anatiuza kuti m'mawa wa tsikulo kumapiri kunagwa chimvula choti sanachionepo mwezi umenewo, ndipo popeza mitengo kumeneko inatha ndi makala, madzi onse anangotsetsereka kulowa mumtsinje. Ine ndimakhulupirira zimenezo. Palibe anatilodza, mvula inagwa kwa eni ake, ife n'kulandira madzi ake.

Alamu anamwalira chaka chathachi. Akudwala ndinalimba mtima n'kuwauza kuti tsiku lija ndinawasiya. Anandiyankha kuti anandiona bwinobwino, ndipo ankandipempherera kuti ndiwoloke, chifukwa ndikanafa ine ana akanasowa mayi, pamene akanafa iwo anawo akanangosowa azakhali. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira mumtengo muja.

Tsono inu amene muli ndi madimba m'mitsinje, kaya ku Sinda, ku Katete kapena kwathu kuno, musamadalire mwezi. Kale makolo ankadziwa kuti Okutobala ndi wa dzuwa, koma nyengo za masiku ano sizisunganso pangano. Musamayang'ane kumwamba kwa pamutu panu pokha, yang'anani kumene mtsinje ukuchokera. Madzi akasintha mtundu, mphepo ikazizira mwadzidzidzi, siyani khasu pomwepo, ndipo ngati muli ndi mnzanu woyenda pang'onopang'ono, nyamukani nthawi ikadalipo yoti muwoloke nonse awiri. Mukachedwa mudzakakamizika kusankha, ndipo simudziwa chimene miyendo yanu idzasankhe.