Chilatini Changa Chinalanditsa Amai Zulu Nyumba

Inu owerenga, ine ndinalanditsa mkazi wamasiye nyumba yake. Sindinabe njerwa ngakhale imodzi, komanso sindinalandire chiphuphu kwa munthu. Ndinangochita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Papita zaka zinayi, koma ndikakumbukira ndimasowa poyang'ana.

Ndili ndi kashopu pafupi ndi msika wa ku Mtendere. Muli kompyuta imodzi, makina ojambula mapepala ndi benchi ya odikira. Anthu amabwera kuti ndiwalembere makalata ofunsira ntchito, mapangano a lendi, madandaulo ndi zina zotero. Sukulu ndinalekezera giredi 12, koma ndinali ndi kabuku kanga kamene ndinkakoperamo mawu achilatini omwe ndinkawapeza m'mapepala achingerezi a makasitomala. Ochepa ndinkawadziwa ndithu. Ndinkadziwa kuti e.g. ndi mwachitsanzo, etc. ndi zina zotero, N.B. ndi onetsetsani apa, ndipo curriculum vitae ndi mbiri ya maphunziro ndi ntchito za munthu. Ena onsewo, kaya bona fide, inter alia, ipso facto, ndinkangowamwaza m'makalata ngati mchere mu ndiwo, osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Musaseke, koma munthu wina wofuna ntchito ya ulonda ndinamulembera kuti iye ndi prima facie pa nkhani ya kusagona. Anachoka akunyadira. Posakhalitsa msika wonse unayamba kunditchula kuti ba Loya, ine n'kumavomera, chifuwa patsogolo.

Chizolowezi chimenechi chinandiwononga maganizo. Popeza ine ndinkaika Chilatini kuti pepala liwopseze basi, ndinafika pokhulupirira kuti akukhoti ndi a m'maofesi nawonso amachiika pongokongoletsa. Ndikamawerengera munthu kalata yake, mawuwo ndinkawatchula mokweza kuti anthu amve, kenako pomasulira n'kuwalumpha.

Amai Zulu ankagulitsa tomato ndi kapenta kutsogolo kwa shopu yanga. Amuna awo anali atamwalira chaka cham'mbuyo, n'kuwasiyira nyumba ya zipinda zinayi imene anamanga limodzi pang'onopang'ono, buloko lero, lata mawa. Pamaliro achibale anasankha mng'ono wa malemuyo kuti ayang'anire katundu wamasiye, monga timachitira kuno. Sipanapite nthawi, mlamu wawoyo anayamba kunena kuti nyumbayo ndi ya banja la kuchimuna, ndipo anapita kukhoti.

Loweruka lina masana amai Zulu analowa m'shopu atagwira pepala lochokera kukhotiko. Iwo kuwerenga Chingerezi sankatha. Benchi inali yodzaza: atsikana atatu ofuna makalata a ntchito, mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, ndi bambo wodzajambulitsa chitupa. Onse anakhala chete kuti amve ba Loya akuwerenga.

Pepalalo linkati khoti lalamula ex parte kuti amai Zulu asagulitse nyumbayo, ndipo nkhaniyo idzamvedwa inter partes pa tsiku lakutilakuti, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Lero ndikudziwa kuti ex parte ndiye kuti woweruza wamva mbali imodzi yokha, pamene inter partes ndiye kuti mbali zonse ziwiri zikhalepo, aliyense alankhule zake. Tsiku limenelo linali la amai Zulu loti akadzifotokozere. Koma nthawi imeneyo mawu awiriwa anali achilendo kwa ine ngati mmene analili kwa iwo.

Manambala okha ankawazindikira, ndiye analoza ndi chala n'kufunsa kuti, “Nanga iyi deti, ba Loya, ni ya chani? Bafuna nikayendeko?”

Kompyuta inali patsogolo panga, foni m'thumba. Kufufuza kukanatenga mphindi imodzi. Koma mphunzitsi uja anali atandiyang'anitsitsa, atsikana aja akudikira kuti amve nzeru. Ndinaona ngati ndikangoti “dikirani ndione,” ulemu wanga wonse ugwera pansi pomwepo. Ndinatsokomola pang'ono n'kuyankha kuti, “Iyayi amai, ivi ni va maloya beka-beka. Imwe bazakuitanani na kalata inangu. Osavutika mutima.”

Anapumira m'mwamba. Anandiuza kuti mayi awo akudwala ku Petauke, ndipo amaopa kunyamuka chifukwa cha pepalali. Ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndinawauza kuti apite. Madzulo ake ananditumizira tomato wodzaza mbale.

Patapita milungu itatu, ndili ndekha m'shopu, kasitomala wina anasiya pepala lokhala ndi mawu omwewo kuti ndijambule. Apa m'pamene ndinafufuza, poti panalibe wondiona. Nditawerenga tanthauzo lake, ndinakumbukira deti ija. Tsiku la amai Zulu linali litadutsa ndi masiku anayi.

Inu owerenga, cholakwa choyamba chija mukhoza kunena kuti ndi umbuli. Chachiwiri ichi ndilibe podzitetezera. Nambala ya mwana wawo wamkazi ndinali nayo, chifukwa ndinamulemberapo kalata ya ntchito. Ndinaitsegula pafoni kangapo, osaimba. Ndinkadzinamiza kuti mwina woweruza sanabwere tsikulo, mwina mlamu uja wasintha mtima. Zoona zake n'zoti ndinkaopa kuti msika wonse udziwa kuti ba Loya ndi kalaliki wamba wodziwa kubaya mabatani.

Amai Zulu anakhala ku Petauke miyezi iwiri, mpaka anaika mayi awo m'manda. Mapepala ena ochokera kukhoti ankafikira kunyumba kwawo, alendi amene ankakhala m'zipinda zina za nyumbayo n'kumangowasunga pansi pa nsalu ya patebulo. Kukhoti anaona kuti munthuyo analandira chidziwitso koma sakubwera, ndipo mlandu unapitirira popanda iwo. Mlamu uja anapambana.

Tsiku lowatulutsa ndinaona ndi maso anga. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo. Matiresi, mbaula, mapoto, zithunzi za ukwati, zonse zinali panja pafumbi, anthu atazungulira. Amai Zulu anaima pakati atagwira kapulasitiki ka mapepala a nyumbayo, momwe munali dzina lawo ndi la amuna awo, akuonetsa aliyense wodutsa. Mapepala amenewo woweruza sanawaonepo. Ine ndinaima kuseri kwa kantemba, kamsasa ka munthu wogulitsa makala, ndipo sindinayandikire kukathandiza kunyamula ngakhale mpando.

A kutchalitchi kwawo anawapezera loya weniweni wothandiza osauka. Mwana wawo anadzandiuza kuti loyayo anagwira mutu, n'kunena kuti amai Zulu akanabwera msanga iye akanapempha khoti kuti limvenso mbali yawo, koma nthawi inali itapita ndipo nyumba inali itagulitsidwa kale. Atawafunsa chifukwa chimene sanapitire kukhoti, amai Zulu anangoti anali kudwazika matenda. Dzina langa sanalitchule. Iwo ankaganiza kuti kalata yachiwiri ija, yomwe ine ndinaipeka m'mutu mwanga, ndi imene inasochera.

Chaka chathunthu ndinakhala nazo mumtima. Kenako tsiku lina ndinakwera minibasi kupita ku komboni ya George, kumene amai Zulu akukhala tsopano m'chipinda chimodzi ndi mwana wawo ndi adzukulu atatu. Ndinawapeza akuchokera kotunga madzi, chigubu pamutu. Anandilandira ndi chimwemwe, n'kundipatsa kampando kokhako kamene kanalipo. Ndinawauza zonse, kuyambira za kabuku kanga mpaka za foni imene sindinaimbe.

Sanakuwe ndipo sananditukwane. Bwenzi zili bwino akanatero. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, “Sembe munaniuza chabe ati simuziba, mwana wanga. Mendo nenze nayo. Sembe ninayenda kufunsa kwinangu.”

Atatero anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka ine ndinanyamuka.

Tsono inu amene munapitako kusukulu pang'ono, amene anzanu a m'komboni amakubweretserani makalata a kukhoti, a kuchipatala kapena a kuntchito, ndikukupemphani. Timawu tachilatini timene timabisala m'Chingerezi si maluwa okongoletsa pepala. Kawirikawiri nkhani yonse imagona pomwepo. Mukakumana ndi mawu amene simukuwadziwa, nenani pomwepo, anthu akumva, ndipo mufufuze kapena mumutumize munthuyo kwa odziwa. Mukazindikira kuti mwamusocheretsa, muuzeni tsiku lomwelo, musadikire mawa ngati ine.

Nyumba ya amai Zulu anaigula anthu ena, anaipaka utoto wobiriwira n'kuika geti yachitsulo. Ili panjira yachidule yochokera kwanga kupita kumsika. M'mawa uliwonse ndimazungulira kumsewu waukulu kuti ndisadutsepo.