Debe Langa ndi Balansa ya Boma

Pa msewu wonse wochokera ku Zobue kutsikira ku Moatize panalibe munthu amene akanandigonjetsa pa mtengo. Funsani aliyense wa masiku amenewo, ngati mungampeze wamoyo. Ndinkatha kuyang'ana nkhuku yonenepa n'kumuuza mwiniwake kuti ikudwala, iye n'kuyambadi kuiona ikusinza.

Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 1950, njanji itangofika kumene ku Moatize. Anthu anadzazana ku mgodi wa malasha, ndipo munthu wotuluka pansi pa nthaka safunsa zambiri, amangofuna ndiwo. Kumtunda ku Zobue nyemba zinali mbwee. Ine ndinkagula kumtunda kozizira, kukweza matumba pa lole imene tinkaitcha kamyau, n'kukagulitsa kumunsi kotentha. Ntchito inali yomweyo.

Koma ndisaname, si pakamwa pokha pamene pankandidyetsa. Ndinali ndi debe. Linali debe la palafini ngati madebe ena onse amene tinkayezera nyemba, kungoti langali ndinaligoneka pamchenga tsiku lina n'kulikhoma m'kati ndi chipika mpaka linatupa mbali zonse zinayi, pansi pakenso n'kutsika. Poliona munthu ankangoti ndi debe lokalamba, lovutika ndi maulendo. Pogula ndinkatulutsa limenelo. Pogulitsa ku Moatize ndinali ndi mng'ono wake, woonda, wophwanyikira m'kati.

Pamsika wa ku Zobue panali sikelo ya boma, yachitsulo, yoikapo thumba pansi, ya mkono wautali wokhala ndi manambala. Ife tinkaitchula kuti balansa. Inafa ine ndisanayambe malonda. Kachitsulo kamene mkono umatsamirapo kanathyoka, ndipo miyala yake yoyezera inabalalika. Umodzi ndinauona kwa munthu wina ukugwira chitseko kuti chisatsekeke ndi mphepo.

Sikuti boma linaiiwala ayi. Chaka chilichonse kunkabwera ndalama zokonzera zinthu za anthu onse, ndipo chaka chilichonse asupayi, asilikali a ku positu, ofesi ya boma la Apwitikizi, ankatulukira ndi njereza ndi penti. Ankayeretsa miyala ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mitengo, zipilala za msika. Pomaliza ankafika pa balansa n'kuipaka penti yobiriwira, mosamala kwambiri, mkono ndi manambala omwe. Penti inasanjikizana mpaka manambala anamira. Ine balansa imeneyo ndinkaikonda ndi mtima wonse. Ndinkakhalapo podya nzimbe.

Kenaka ndinakwatira.

Mkazi wanga anali mwana wa mayi amene nyemba zawo zinkaposa za onse pamsikapo, mayi wamtali, wosalankhulalankhula, wosajomba ku Misa. Mwa amayi onse ndi iwo okha amene ankati ndikatulutsa debe, m'malo moyang'ana ine ankayang'ana debelo, nthawi yaitali. Ndinalowa chikamwini pakhomo pawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala apongozi. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kuthengo kumanzere, iwo kumanja. Kuwayang'ana kumaso ayi, kudya nawo ayi, kuwayankha ayi. Mawu alionse ankadutsira mwa mwana wawo. Taganizani munthu amene moyo wake wonse uli pa kuyankha, n'kumuika pakhomo pa munthu mmodzi yekhayo amene sangamuyankhe.

Tsiku lina m'mawa ndikusoka matumba, mkazi wanga anabwera n'kugwada chapatali pang'ono. Ndinadziwa kuti watumidwa. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe akupeta nyemba, ndipo lichero linkamveka bwinobwino.

"Amayi akuti ndikuuzeni."

"Akuti chiyani?"

"Akuti amva kuti ndalama zokonzera zija zafika ku positu. Amayi a pamsika akufuna munthu wokawalankhulira za balansa. Ndiye iwo awauza kuti asavutike, mkamwini wawo ali ndi pakamwa."

"Ukawauze kuti ku positu munthu sapita wosaitanidwa."

"Akuti muvale jekete lija la ukwati."

"Wakawafunsa nthawi yanji, iwe uli pompano?"

"Ananeneratu kuti mudzayankha choncho."

Kuseri kwa nkhokwe lichero linasiya kaye, kenaka n'kuyambanso.

Balansa itadzuka, debe langa lafa, ndipo phindu langa lonse linali m'mimba mwa debelo. Koma kukana mawu a apongozi, iwo atakutama kale pagulu, kunali kumanga katundu. Ndinaganiza pang'ono n'kupeza nzeru imene ndinaiona ngati yakuya. Ndipita ndithu, jekete ndivala, ndikapempha mofooka, akandikaniza, ndibwera nkhope ili khuma. Boma kukana si chinthu chovuta kuchipeza.

Ku positu kunali mlembi, bambo wa ku Tete wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, wokhala ndi pensulo kukhutu. Iye ndiye ankamva nkhani zathu asanazipititse kwa mzungu m'chipinda cha m'kati. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinanena nkhani yanga ndi mawu a munthu wodwala malungo.

"Balansa?" anatero mlembi uja osadzutsa mutu. "Tiipenta sabata yamawa."

"Amayi amati mwina ikanakonzedwa."

"Ndalama imene yabwera ndi ya penti. Pepala likutero. Ya zitsulo imapemphedwa ku Tete, ndipo yankho lake mwana amabadwa n'kuyamba kuyenda."

"Zikomo, a mlembi. Ndamva."

Ndinanyamuka mtima uli mbee. Ndinali nditafika kale pakhomo, chipewa chili m'manja, pamene iye anawonjezera kumbuyo kwanga.

"Ukawauze amayiwo kuti pamenepa palibe zokambirana, shamwali."

Mawu amenewo ndi amene anandipha. Chibadwire changa ndinali ndisanawamve n'kupitiriza ulendo. Wogulitsa akati palibe zokambirana ndiye kuti malonda ayamba. Mutu unkati pita kwanu, zako zatheka. Miyendo inatembenuka yokha, ndipo ndinangozindikira ndakhalanso pansi.

"Pepani a mlembi, ndingofunsa kuti ndidziwe, poti ine sindinapite kusukulu. Penti ya chaka chino muipaka pamwamba pa ya chaka chatha?"

"Nanga tipake pati?"

"Ayi, n'chifukwa chake ikusendeka ngati khungu la njoka. Bwana wamkulu wa ku Tete akadzabwera kudzayendera, n'kupala ndi chala, adzati ndalama ya penti inapita kuti?"

Pensulo inachoka kukhutu.

"Penti yabwino imafuna kupala yakale," ndinapitiriza. "Nanga mungapale bwanji m'kati mwa mkono osamasula? Womasula ndi mmisiri. Ndipo mmisiri amene wamasula chinthu cha boma sangachisiye chili mbali ziwiri, ayenera kuchibwezera chikugwira ntchito. Zonsezi ine ndikuona ngati ndi kupenta komweko."

"Mmisiri wotere kuno kulibe."

"Ku Moatize aliko, pafupi ndi njanji."

"Kunyamula kwake? Boma lilibe kamyau ya balansa."

"Ikwera pa matumba anga."

"Ndalama siingakwane penti, njereza ndi mmisiri."

"Miyala ndi mitengo ayeretsa amayi a pamsika ndi manja awo. Asupayi apume chaka chino. Zotsalazo mupatse mmisiri."

Mlembi analembalemba manambala papepala. Kenaka analowa m'chipinda cha m'kati, ndipo ndinamva Chipwitikizi chikugubuduzika, mzungu n'kuseka kamodzi. Anatuluka ndi pepala lodinda lopita kwa mmisiri. Pamenepo munthu wanzeru akanathokoza n'kutuluka. Koma dzanja langa linali litatambasuka kale mwa chizolowezi.

"Nanga basela, a mlembi?"

"Basela kuboma? Iwe uli bwino?"

"Malonda opanda basela sadalitsika. Balansa yopanda miyala yake ing'onoing'ono ndi chiyani? Iziyeza matumba okha, nanga mayi wa dengu limodzi?"

Anapukusa mutu, anatsegula kabati yafumbi, natulutsa kabokosi kathabwa. Munali timiyala tamkuwa tandandalika, kuyambira ka kilo mpaka kakang'ono ngati dzira la njiwa, tatsopano, tosagwirapo ntchito chifikire.

Ndinatuluka pa positu paja chifuwa chili patsogolo. Ndinayenda mpaka pa mtengo wa mango wa pamphambano ndikumwetulira ndekha, ndikukonza kale m'mene ndidzaifotokozere nkhaniyi kwa anzanga. Pamenepo m'pamene ndinayang'ana kabokosi kali kukhwapa kwanga n'kukumbukira chimene ndinapitira.

Kunyumba sindinanene zambiri. Ndinapereka pepala kwa mkazi wanga, iye anazungulira nalo kuseri kwa nkhokwe. Sindinamve mawu. Ndinangomva kutsokomola kwina kumene mpaka lero ndimakukayikira.

Balansa tinaikweza amuna asanu. Inayenda ulendo wonse itakhala pamwamba pa nyemba zanga ngati mkwatibwi, ine nditaigwira mkono kuti isagwe m'zitunda. Powoloka mtsinje wa Nkondezi kamyau inapendama, ndipo ndivomere kuti maganizo ena anandifikira. Mtsinje unali pomwepo, dzanja langa linali lotopa kale, palibe akanandiimba mlandu. Koma chinthu chimene wachipeza ndi pakamwa pako sungachiponye m'madzi. Ndinaikumbatira ndi manja onse awiri.

Mmisiri wa ku Moatize anali Mnyungwe wa ndevu zoyera ndi zala zakuda ndi malasha, kasitomala wanga wa nyemba. Anapala penti ndi mpeni, chaka ndi chaka chikugwa pansi, mpaka manambala anatuluka. Anasula kachitsulo katsopano, anakaika, anakankha mkono ndi chala chimodzi. Mkono unakwera, unatsika, unaima pakati.

"Yadzuka," anatero. "Tabweretsa debe lako logulitsira lija, shamwali, tiiyesere."

Ndinamuuza kuti kamyau ikundisiya.

Tsiku la msika balansa inaima pamalo pake, yobiriwira kamodzi kokha, manambala ali poyera. Amayi anali atayeretsa miyala ndi mitengo kuposa m'mene asupayi ankachitira. Mlembi anabwera kudzaona, anakwerapo yekha, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinaima kumbuyo, debe langa nditalivundikira ndi thumba.

Mkazi wanga anadutsa pakati pa anthu n'kudzagwada pambali panga.

"Amayi akuti muwabwereke debe."

"Ukawauze kuti ladontha."

"Akuti nyemba si madzi."

Analitenga. Apongozi anakhala chondifulatira, monga mwa ulemu. Anadzaza debe la mayi wina, anasalaza pamwamba ndi dzanja, anakhuthulira m'dengu pa balansa, mlembi nayika miyala yakale ija, imene amayi anali ataitolera m'makomo, mpaka mkono unaima. Anachotsa. Anadzaza langa, anasalaza chimodzimodzi, anakhuthula. Mkono unalumpha n'kugunda chitsulo cha pamwamba, kuti nge! Mlembi anatsegula kabokosi ka basela kaja n'kuyamba kuwonjezera timiyala, kamodzikamodzi. Kalikonse kakamatera, amayi ankati "Eee!" onse pamodzi ngati kwaya. Timiyala timene ndinapempha ndekha.

Msika wonse unagwa ndi phwete. Mayi wina wachikulire anakuwa kuti, "Alamu, debe lanuli lili ndi pakati! Miyezi ingati?" Wina anati alitengere kwa azamba. Ndinavula chipewa n'kuseka nawo, poti china chochita panalibe.

Apongozi okha sanaseke. Analankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti msika umve.

"Uwauze amuna ako kuti agwira ntchito. Balansa iyi yakhala chigonere zaka zonsezi, amuna a pano akuidutsa. Uwauzenso kuti nyemba zanga, ndi za amayi a ku mpingo kwathu, sizipita kwa wogula wina. Azigula iwo, pa kilo."

Debe sanandibwezere. Madzulo a tsiku lomwelo ndinalipeza kubafa, lodzaza madzi ofunda, ndipo mkazi wanga anati amayi akuti limeneli ndi labwino chifukwa limalowa madzi ambiri. Ndinasambira debe limenelo zaka zonse zimene apongozi anakhala ndi moyo. Anapheranso nkhuku, yonenepa, yosadwala.

Phindu langa linaonda, ndisabise. Ku Moatize nakonso mbiri inatsika ndi kamyau, mng'ono wa debe uja n'kupuma ntchito. Koma nyemba zabwino za ku Zobue zinkandidikira ine, ngakhale ogula ena afike m'mamawa. Ndipo chaka chotsatira, ndalama zokonzera zitamveka kuti zafika, mkazi wanga anabweranso kudzagwada ndikusoka matumba. Ulendo uno linali denga la msika. Chaka china chinali chitsime. Mlembi ankati akandiona ndi jekete la ukwati, ankachotseratu pensulo kukhutu n'kunena kuti, "Khala pansi, shamwali, koma basela lero palibe." Ankanama. Basela ankapezeka.

Boma ndinaligonjetsa pa mtengo, maso ndi maso, ndipo pepala lodinda linalipo. Mayi aja sanandiuzepo liwu ndi limodzi lomwe chikwatirire mwana wawo, sanandiyang'anepo kumaso. Ndiye inu amene mwamva zonse, tandiuzani, pamalonda amenewa anapambana ndani?